Nerisa Ayankha Señora wa ku Madrid

1. Phunziro la pakhonde

Azakhali a Nerisa atabwerera kuchokera ku Madrid, pakhomo panayamba kumveka Chisipanishi kuyambira m'mawa. Dzina lawo linali Perpetua Sumagaysay, koma m'dera lonse la Lapuz ankangowatchula kuti Tiya Pet. Anagwira ntchito ya m'nyumba ku Spain kuyambira ali mtsikana mpaka imvi zitamera. Nyumba ya njerwa imene Nerisa ankakhalamo ndi bambo ake komanso mng'ono wake Luz, anamanga ndi iwowo.

Tsopano mawondo anali atawakana. Abwana awo, Señora Almudena, anawalola kukapuma, koma anapempha kuti awapezere mtsikana wodalirika wolowa m'malo. Tiya Pet sanafunse munthu maganizo. Anangoloza Nerisa, yemwe anali atangomaliza kumene sekondale, ndi kumulembetsa kalasi ya Chisipanishi ku parishi.

Loweruka lina m'mawa anamuimika pakhonde.

"Imirira bwino, Inday," anatero Tiya Pet, akumuitana monga kumeneko amaitanira mtsikana aliyense. "Manja kutsogolo. Mawa masana Señora aimba foni ya vidiyo kuti akuone. Akakufunsa kuti '¿A qué te dedicas?' ndiye kuti akufunsa ntchito yako. Uyankha kuti chiyani?"

"Soy empleada de hogar."

"Kutanthauza?"

"Ndine wantchito wa m'nyumba."

"Ukunena ngati ukulengeza maliro. Mwetulira! Pitiriza."

"Sé limpiar, sé planchar, sé cocinar. Ndimadziwa kukonza m'nyumba, kusita ndi kuphika."

Tiya Pet anamugwira manja ndi kuwatembenuza. M'zikhadabo munali bii.

"Susmaryosep! Unapitanso kudoko?"

"Injini ya boti la Manong Berting inakana kulira, Tiya. Tatay sakanatha okha."

Bambo a Nerisa, a Ambrosio, amene ana awo ankawaitana kuti Tatay Ambo, anali makaniki wa maboti owolotsa anthu kupita ku chilumba cha Guimaras. Chichitireni sitiroko, dzanja lawo lamanja linkanjenjemera. Makutu okha ndi amene anatsala akuthwa. Iwo ankamvetsera injini n'kunena pamene pavuta, ndipo Nerisa ankagwira sipanala. Ntchitoyo anaikonda moti analemba mayeso olowera ku koleji ya zapanyanja, ndipo anakhoza bwino. Tiya Pet atamva, anangoti, "Zabwino," n'kupitiriza kusita.

"Kwecha manja amenewa ndi mandimu," anatero. "Señora sakufuna munthu woti akasiye zala zakuda pa makatani."

2. Munthu amene anali nsomba

Kalasi inkachitikira m'holo ya parishi Loweruka masana. Mphunzitsi anali Ma'am Herminia, mayi wamfupi wa ku Zamboanga, woseka mokweza. Ophunzira ake onse anali ndi ulendo m'mutu. Ena anali anamwino, ena osamalira okalamba, ena ankafuna ntchito yoyankha mafoni a makasitomala akunja.

"Lero aliyense anena ntchito yake kapena maphunziro ake," anatero Ma'am Herminia. "Tiyambe ndi inu, Manong Restituto."

Manong Restituto anali msodzi wamkulu thupi, amene ankayembekezera kukalowa m'sitima za asodzi ku Vigo, ku Spain. Anaimirira, anakonza kolala, n'kunena molimba mtima, "Soy pescado!"

Ma'am Herminia anagwira tebulo ndi phwete.

"Manong, mwatiuza kuti ndinu nsomba! Yophedwa kale, yongodikira mafuta. Msodzi ndi pescador."

"Nanga ndanama, Ma'am?" anayankha Manong Restituto. "Funsani akazi anga. Anandiwedza kalekale, ndipo amandikazinga tsiku lililonse."

Holo yonse inafa ndi kuseka. Kenako anthu anapitiriza mmodzimmodzi. "Soy enfermera," anatero namwino. "Estudio informática," anatero mnyamata wophunzira za makompyuta.

Itafika nthawi ya Nerisa, anaimirira koma sananene kanthu.

"Waiwala, Inday?"

"Sindinaiwale, Ma'am. Ndikufuna kufunsa. Munthu akafuna kunena kuti ndine wophunzira, amati chiyani?"

"Soy estudiante."

"Nanga kunena kuti ndikufuna kuphunzira za injini za sitima?"

Ma'am Herminia anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. Ankawadziwa Tiya Pet, ndipo ankadziwa chifukwa chimene Nerisa anabwerera m'kalasimo. Komabe analemba pabolodi: "Quiero estudiar mecánica naval."

"Quiero ndiye kuti ndikufuna. Ukaika no kutsogolo, ndiye kuti sindikufuna. Bwereza."

Nerisa anabwereza, ndipo mawu ake anamveka mpaka kukhomo.

Anthu akutuluka, Ma'am Herminia anamuitanira pambali.

"Tamvera, Inday. Ine ntchito yanga ndi kuphunzitsa mawu. Ukawanene kwa ndani, zimenezo ndi zako. Koma ndaona atsikana ambiri akudutsa m'holo muno. Ena anapita osafuna, ndipo amandiimbira akulira. Ena anakana, koma anakana mwachipongwe, moti lero sapatsana moni ndi abale awo. Ngati wasankha kukana, usawabisalire azakhali ako. Usawadikirire pamaso pa abwana awo kuti uwagwetse ngati mdani. Kawauze lero lomwe, kunyumba, maso ndi maso. Akakalipa, pirira. Munthu amene wakulera ali ndi ufulu womva zoona kuchokera pakamwa pako asanazimve pamaso pa mlendo."

"Ndamva, Ma'am."

"Ndipo R wa pa quiero usamameze. Ukakana, kana momveka."

3. Chenjezo la Tiya Pet

Madzulo anakhala patebulo onse anayi. Panali mpunga, nsomba zouma ndi msuzi wa masamba. Nerisa anadikira kuti azakhali ake amalize kupemphera.

"Tiya, ku Madrid sindipita."

Luz anaika supuni pansi. Tatay Ambo anayang'ana m'mbale.

"Wati chiyani?" anafunsa Tiya Pet.

"Sindipita. Ndikufuna kupita ku koleji. Ndikukuuziranitu kuti mawa musadzadabwe. Señora akandifunsa, sindiwanamiza."

Tiya Pet sanakuwe. Anakankhira mbale kutsogolo ndi kupinda manja.

"Ndimvere bwino, mwana wa Ambrosio, chifukwa sindibwerezanso. Ukuganiza kuti ine ndinabadwa ndikulakalaka kutsuka zimbudzi za anthu? Ndinkafuna kukhala mphunzitsi. Masamu ndinkaposa anyamata onse m'kalasi. Koma agogo ako atamira panyanja, panalibe wina woti apite. Ndinafika ku Madrid m'nyengo yozizira nditavala nsapato za pulasitiki. Sindinkadziwa ngakhale kupempha madzi. Ndinalera ana a eni, anga sindinabereke. Mayi ako atamwalira ndinaonera maliro pafoni, nditabisala m'chipinda chochapira, kenako ndinapukuta misozi n'kukaika chakudya patebulo. Denga ili, sukulu yako, mankhwala a bambo ako, zonsezi zinachokera m'manja awa. Ndipo sindichita nazo manyazi. Ntchito imeneyi ndi imene yakufikitsa pokhala ndi pakamwa poyankhira."

"Sindikunyoza ntchito yanu, Tiya."

"Sindinamalize. Ukuti injini za sitima. Ndani adzalembe mtsikana kuchipinda cha injini? Udzamaliza zaka zonsezo, udzayenda ndi satifiketi ku Manila khomo ndi khomo, amuna akukuseka. Amene adzakulonjeze malo adzafuna zina. Ndawaona ana a anzanga. Anavala yunifomu yoyera, anajambulitsa zithunzi, lero akugulitsa mayunitsi a foni pamsika. Ine ndakupezera nyumba ya anthu abwino, mapepala oongoka, chipinda chako chokhala ndi loko. Anthu amagulitsa minda kufuna mwayi ngati umenewu. Iwe ukuuponya m'madzi chifukwa cha fungo la dizilo. Bambo akowa sadzachira. Ine ndatha. Ukakana, pakhomo pano padzalowa njala, ndipo idzalowera pa khomo limene watsekula iwe."

Nerisa anayankha mofatsa.

"Zonse mwanenazi n'zoona, Tiya. Koma inu munalibe poti n'kusankha. Ine ndakhoza mayeso. Munavutika kuti ife tiphunzire. Nanga ndaphunzira kuti ndikayambirenso pamene munayambira inu?"

"Ambo, ukumumva mwana wako?"

Tatay Ambo anabisa dzanja lonjenjemera pansi pa tebulo.

"Ndikumumva, Manang," anayankha, akuwaitana monga kumeneko amaitanira mchemwali wamkulu.

"Basi? Ukungomumva?"

"Mwanayu injini amaidziwa. Koma nyumba ndi yanu, Manang. Ine ndinganene chiyani?"

Tiya Pet anaimirira movutikira, atagwira bondo.

"Mawa udzavala bulauzi yoyera, ndipo udzanena zimene ndinakuphunzitsa. Zachibwana izi zithere pompano."

"Bulauzi ndidzavala, Tiya," anatero Nerisa. "Koma ndakuuzani."

4. Foni ya ku Madrid

Lamulungu atabwerako ku Misa, Tiya Pet anasesa pabalaza ngati kukubwera bishopu. Anachotsa kalendala yakale pakhoma. Foni anaitsamiritsa ku botolo la maluwa. Za dzulo sanazitchulenso. Ankakhulupirira kuti mwana akaona nkhope ya bwana, mwano umatha wokha.

Dzuwa litapendeka, foni inalira. Pagalasi panaoneka mayi wokalamba, watsitsi loyera, atafunda shawelo.

"¡Perpetua!" anafuula mayiyo, ndipo nkhope yake inawala.

Tiya Pet anasintha mawu. Anayankhula Chisipanishi chothamanga, akuseka, akupukuta maso. Nerisa anali asanawaonepo azakhali ake akuseka choncho. Anazindikira kuti amayi awiriwa ankakondanadi, ndipo mtima wake unalemera.

Kenako anamukokera kutsogolo.

"Hola, guapa," anatero Señora Almudena. Anayankhula pang'onopang'ono, ngati kwa mwana. Anafunsa dzina.

"Me llamo Nerisa, señora."

"Muy bien. ¿A qué te dedicas, Nerisa?"

Tiya Pet anamutsina pamsana. Luz anali ataima pakhomo la kukhitchini. Panja jipini, minibasi ya kumeneko, inadutsa ikuliza nyimbo.

"Soy estudiante," anatero Nerisa. "Quiero estudiar mecánica naval."

Señora anapendeketsa mutu. Tiya Pet anaseka mokakamiza n'kuyamba kufotokoza mofulumira. Nerisa sanamve zonse, koma anaona dzanja la azakhali ake likuuluza nkhaniyo ngati ntchentche. Ankanena kuti mwanayu ndi wanthabwala.

Nerisa anasendera pafupi ndi foni.

"No quiero ser empleada de hogar. Lo siento, señora." Anatembenukira kwa azakhali ake. "Ndawauza kuti sindikufuna, ndipo ndapepesa. Musasinthe mawu anga, Tiya."

Señora anavula magalasi. Anafunsa funso lalifupi, akuyang'ana Nerisa, osati Perpetua. Nerisa anatolapo liwu limodzi lokha, verdad, limene Ma'am Herminia anati ndi choonadi.

"Sí, señora."

Mayi uja anayankhula kwa nthawi ndithu. Sanakalipe. Mawu ake anali ofatsa, koma Tiya Pet ankangowerama, akuyankha kuti, "Sí, señora. Sí, señora." Pomaliza Señora anamugwedezera mutu Nerisa, ndipo galasi linada.

5. Mtengo wa kukana

Tiya Pet anakhala pampando osagwedezeka.

"Anati chiyani, Tiya?" anafunsa Nerisa.

"Si iwe wodziwa Chisipanishi? Sunamve?"

"Ndangoyamba kumene."

"Wangoyamba kumene, koma wagwetsa kale nyumba." Anapuma mozama. "Anati sakufuna munthu wokakamizidwa. Anati iwe ndiwe wolimba mtima, ndipo akukufunira zabwino. Kenako anandifunsa kuti, 'Perpetua, unandiuza kuti mtsikanayu akulakalaka kubwera. Unandinamiziranji?' Moyo wanga wonse m'nyumba imene ija sindinasowetse ngakhale supuni. Makiyi onse ankasunga ndine. Lero andifunsa chifukwa chimene ndawanamizira."

"Ndinakuuzani dzulo, Tiya."

"Unandiuza, inde," anatero Tiya Pet. "Unandiuza, ine sindinakhulupirire. Bwino. Wasankha ngati munthu wamkulu, ukhalanso ngati munthu wamkulu. Ku kalasi ija sindikulipiriranso. Za ku koleji usandiuze. Kangachepe kamene ndinasunga ndi ka ukalamba wanga. Mwana wa Señora, amene akuyendetsa nkhaniyi, akapanda kumva kwa ine sabata ino, apita kukafuna munthu kwina, ndipo khomo limenelo latsekeka mpaka kalekale."

"Ndavomera," anatero Nerisa.

Apo ndi pamene Luz anachoka pakhomo paja. Anali wamng'ono kwa Nerisa ndi chaka chimodzi, wofatsa, ndipo kusukulu ankakhala nambala wani chaka chilichonse. Anali m'kalasi yomaliza.

"Tiya, muwaimbirenso," anatero. "Muwauze adikire mpaka ndikwanitse zaka. Ndipita ine."

Nerisa anatembenuka ngati walumidwa.

"Wapenga? Iwe uli pasukulu!"

"Sukulu ndisiya."

"Si iwe umafuna kukhala dokotala?"

"Kufuna aliyense amafuna, Manang. Nanga mankhwala a Tatay agula ndani? Wayankhula bwino pafoni paja, ndakunyadira. Koma mawu ako sitidya."

Tiya Pet anayang'ana Luz, kenako anayang'ana foni. Anatambasula dzanja. Nerisa anafulumira kuika chikhatho chake pamwamba pa foniyo.

"Luz sapita."

"Chotsa dzanja."

"Sapita, Tiya. Sindinakane kuti mng'ono wanga akalowe m'malo mwanga. Mankhwala ndigula ine. Ndizigwira ntchito masana, kuphunzira madzulo."

"Ntchito yake iti? Yokonza timaboti ta anthu amene amalipira ndi nsomba?"

"Kwa Gallenero akufuna othandiza amakaniki. Ndipita mawa."

Tatay Ambo, amene tsiku lonse sanatulutse mawu, anamenya tebulo ndi dzanja lawo labwino. Botolo la maluwa linagwa.

"Kwa Gallenero ayi!"

Gallenero anali mwini wa malo aakulu okonzera sitima m'mbali mwa mtsinje. Tatay Ambo anagwirako ntchito kuyambira ali mnyamata. Sabata imene anachita sitiroko, Gallenero anawachotsa ntchito asanatuluke n'komwe m'chipatala.

"Munthu amene uja anatumiza mlonda kudzanditulira zida zanga pakhomo, ngati zinyalala," anatero. "Sanabwere kudzandiona. Sanaimbe foni. Ndinalumbira pamaso pa Mulungu kuti mwana wanga sadzapondako. Amagwiritsa anthu ntchito mpaka kutha, akatha amawataya. Amuna amphamvu amatuluka kumeneko ali opunduka zala. Iwe ndiwe mtsikana. Adzakuseka, adzakupatsa ntchito yopala dzimbiri padzuwa kuti uthawe wekha. Ndakhala chete pa zonse, Inday, koma apa ndakana."

"Ndiye ndiuzeni kwina, Tatay. Tchulani malo ena amene amalipira pamwezi, ndipitako."

Tatay Ambo anawerama n'kudzutsa botolo la maluwa lija.

Nerisa anatembenukira kwa azakhali ake.

"Mwati mwana wa Señora adikira sabata ino. Ndipatseni sabata yomweyo. Ndikalephera, muimbe."

Tiya Pet anachotsa dzanja lawo.

"Lachisanu," anatero. "Likadutsa, Luz ayamba kuphunzira kusita."

6. Pachipata

Lolemba m'mawa Luz anavala yunifomu ya sukulu, chifukwa Nerisa anaima pakhomo mpaka ataivala. Tatay Ambo anakhala pakhonde atafulatira msewu. Nerisa anagwira dzanja lawo kuti aligunditse pachipumi pake posonyeza ulemu, monga ankachitira tsiku lililonse pochoka. Iwo analola, koma sanamuyang'ane.

Anamanga tsitsi, anavala ovolosi ya bambo ake atapinda miyendo, n'kutsika wapansi kulowera kumtsinje.

Phokoso la nyundo linkamveka patali. Kuseri kwa mpanda wa malata kunaima sitima yaikulu, m'mimba mwake muli pululu, amuna akuikwera ngati nyerere. Pachipata panali gulu la anyamata ofuna ntchito. Atamuona, mmodzi anaimba likhweru.

"Inday, wasochera! Kogulitsa zakudya ndi uko."

"Ovolosiyo mwini wake akudziwa kuti waitenga?" anafunsa wina.

Nerisa anawadutsa pakati mpaka pa kawindo ka mlonda. Mlondayo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Dzina?"

"Nerisa Sumagaysay."

Mlonda anadzutsa mutu msanga.

"Sumagaysay? Mwana wa Ambo?"

"Eya."

"Bwerera kunyumba, Inday. Bwana analamula kuti dzina limenelo lisadzalowenso muno."

"Ndiye kawauzeni kuti lafika," anatero Nerisa. "Ndiwadikira pompano."

Anakhala pa mgolo wa oyilo pafupi ndi chipata, pamene galimoto ya Gallenero sikanatha kulowa osamuona.